Tsiku lomwe maloboti anafika pa Chisepo

Lachinayi madzulo ndinaimbira foni mayi aang'ono ku Chisepo kuwadziwitsa kuti Loweruka ndikubwera, ndipo ana asapite kutali chifukwa ndawatengera katuni. Netiweki ya kwathu mukuidziwa: munthu amakwera pachulu, foni m'mwamba, mwendo umodzi m'malere ngati kakowa. Mawu anga anadutsa pa Lumbadzi ali bwinobwino, koma pofika kumudzi anali atapindika. Iwo anamva katoni.

Loweruka nditatsika pa kabaza ndinapeza anthu asanu akundichingamira, mmodzi ali ndi wilibala. Mayi aang'ono anayang'ana kachikwama kanga, anayang'ana kumbuyo kwa njinga, kenako anaponya maso kumsewu komwe ndinadzera, kuti mwina katoniyo ikubwera yokha pambuyo.

"Nanga sopo uja?"

"Ndinati katuni, amayi. Filimu ya zithunzi zojambula."

"Ili kuti?"

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kamemori kadi, kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Wa wilibala uja sananene kanthu. Anangoitembenuza n'kumapita, ndipo mmene inkalirira wilibalayo ndinadziwa kuti ikunena ine.

* * *

Ana ndiwo anaipitsiratu zinthu. Nditangowauza kuti filimuyo dzina lake ndi Transformers One, anamwazikana mudzi wonse, ndipo dzuwa lisanapendeke mbiri inali itafika kudambo kwa othirira tomato kuti mwana wa mayi uje, wa ku Lilongwe uja, wabwera ndi thiransifoma. Mnyamata wometa anthu anayamba kufunsa mtengo wa fuliji. Tili mkati modya nsima tinamva odi, ndipo inali nduna ya amfumu, chipewa m'manja.

"Amfumu aimva nkhani yabwinoyi. Akuti malo oikapo alipo kale, pafupi ndi chigayo."

Ndinasamba m'manja n'kuyamba kufotokoza kuti ndi dzina chabe la filimu, ndipo liwu lomaliziralo tanthauzo lake ndi imodzi.

"Imodziyo ikwana, achimwene," inatero ndunayo mondilimbitsa mtima. "Tiyambire pomwepo. Zinazo adzabweretsa a kampeni."

* * *

Atsibweni anga, mwini mbumba yathu, ali ndi zaka 74. Anapita ku Joni kawiri ali mnyamata, choncho palibe chachilendo chomwe mungawauze. Chilichonse anachiona kale, ndipo anachiona chachikulu kuposa chanucho. Nditawauza kuti filimuyi ndi ya maloboti, anaika pansi msampha womwe ankakonza.

"Anthu ndi ndevu zawo akhale pansi maola awiri kuonerera maloboti?"

"Ola limodzi ndi mphindi 44, atsibweni."

"Chofiira, chachikasu, chobiriwira, kenako chofiira. Mphwanga, ku Lilongweko mwasowa chochita?"

Sanalakwe. Kwa ife loboti ndi magetsi a pamphambano, ndipo dzinali linabwera ndi anthu onga iwowo kuchokera kumwera, komwe magetsiwo anapatsidwa dzinali chifukwa analanda ntchito ya wapolisi woimika magalimoto. Koma gwero lake lenileni lili kutali. Mlembi wa ku Czechoslovakia, Karel Čapek, analemba sewero lotchedwa R.U.R. mu 1920, lonena za anthu opangidwa m'fakitale kuti azigwira ntchito osadandaula. Anthuwo anawatcha maloboti, liwu lochokera ku robota, lomwe m'chinenero chawo limatanthauza ntchito yokakamiza yogwirira mwini malo. Kuno tikanati thangata.

Ndinawafotokozera zonsezi modzikuza pang'ono, monga amachitira munthu amene fizi yake inalipiridwa ndi mbumba. Atsibweni anatola msampha wawo.

"Ukanangonena kuti ndi filimu ya matenanti. Ndibwera."

* * *

Za maloboti osandulikawa zinayamba mu 1984. Kampani ya ku America yotchedwa Hasbro inagwirizana ndi ya ku Japan yotchedwa Takara, yomwe inkapanga kale zidole zoti ukazipindapinda zimachoka pa galimoto n'kukhala chimunthu chachitsulo. A Hasbro anazipatsa maina, anazigawa m'magulu awiri odana, n'kukonza katuni ya pa TV yoti ana aziona tsiku ndi tsiku mpaka makolo atagonja. Mtsogoleri wa abwino, Optimus Prime, ankasanduka lole. Mtsogoleri wa oipa, Megatron, ankasanduka mfuti. Bumblebee ankasanduka kagalimoto kachikasu ka Volkswagen, ndipo kunali wina, Soundwave, yemwe ankasanduka wailesi ya kaseti. Ameneyo akanafika kwathu tikanamulonga ufumu, bola adzigulira yekha mabatire.

Filimu ya Transformers One inatuluka mu September 2024, patatha zaka 40 chiyambire malondawa, ndipo anaitsogolera ndi Josh Cooley. Cholinga n'chodziwikiratu: ana a 1984 aja tsopano ali ndi mimba, madazi ndi malipiro, ndiye akumbutsidwe ubwana wawo, atenge ana awo, alipire pakhomo onse.

Kuntchito kwathu ku Lilongwe kuli mkulu wina amene anakulira kunja bambo ake ali pasukulu. Sabata yathunthu ankadandaula kuti mawu a Optimus m'filimu yatsopanoyi si a Peter Cullen, amene anawayamba mu 1984, koma a Chris Hemsworth, ndipo akuti zimenezi zamuwonongera ubwana. Anandifunsa ngati inenso ndikumva chimodzimodzi. Ndinamukumbutsa kuti TV ya dziko lino inatsegulidwa mu 1999, ine nditayamba kale kumeta ndevu. M'chaka cha 1984 pa Chisepo chinthu chokhacho chomwe chinkaonetsa zithunzi zoyenda chinali chitsime, ukasuzumiramo n'kugwedeza mutu.

* * *

Komabe nkhope ya maloboti ndinakumana nayo ndili mwana, kungoti sitinadziwane. Amayi anandigulira malaya pa kaunjika ku Mponela, ndipo pachifuwa panali chinkhope chofiira, chamakonamakona, chosaseka. Anzanga anati ndi chizindikiro cha timu ya mpira ya ku Mangalande. Ine ndinavomera, ndipo kwa miyezi itatu ndinali sapota wa timu yomwe kulibe.

Agogo aakazi, omwe ankanyadira kuti makolo awo anaphunzira katekisimu kwa anthu a ku Mvera komwe mishoni inayamba mu 1889, anawayang'anitsitsa malayawo Lamulungu lina m'mawa, ine nditadzola kale mafuta.

"Vula."

"Bwanji, agogo?"

"Ukufuna akulu ampingo anene kuti nyumba ino yayamba zakudambwe?"

Kuyambira tsikulo malayawo ndinkavala chotembenuza popita ku Sande sukulu, msoko kunja, chinkhope chitayang'ana mtima wanga. Nditadzaonera filimu ya Michael Bay ya 2007, ndili bambo wa mwana mmodzi, ndinachiona chinkhope chija pa sikirini n'kukuwa ndekha m'chipinda chodzaza anthu: "Timu yanga!"

* * *

Chidole chathu ife chinali galimoto ya mawaya, ndipo ndikunena mosaopa munthu kuti pa nkhani yosandulika, za Hasbro zija zinali makanda. Waya ankayamba moyo wake ali chingwe choyanikapo zovala, kapena mpanda wa dimba la munthu wina yemwe sindimutchula popeza ana ake alipo ndipo ndi anthu amphamvu. Tinkamuwongola pomusula ndi mwala, kumupinda ndi mano pomwe zala zalephera, n'kumanga m'makona ndi timalegeni todula ku chubu chakutha cha njinga. Mwana wa mphunzitsi matayala ake ankakhala zitini za polishi wa nsapato. Enafe tinkasema patapata wakutha, ndipo ngati patapatayo anali asanathe kwenikweni tinkamuthandiza. Chiwongolero chinali waya wautali wofika m'chiuno, wopindidwa mozungulira kumapeto, ndipo amisiri enieni ankachilumikiza mwakuti ukapotoza, matayala akutsogolo ankakhotadi. Injini inali pakamwa. Dalaivala wodziwa ntchito ankasintha magiya ndi milomo, ndipo pokwera chitunda injini inkalira mpaka malovu kutsikira pachibwano. Wina ankaima pakati pa njira, osasuntha, amake akumuitana, iye n'kumati galimoto yatha mafuta.

Tsono muone kusandulika. Lolemba ndi lole yonyamula fodya. Lachitatu mwini wake wakangana ndi kondakitala, yasanduka thirakitala. Tikakolola, mbewa zikachuluka, yaphwasulidwa n'kukhala chowotcherapo. Ndipo tsiku lomwe amayi azindikira komwe chinapita chingwe chawo, chiwongolero chija chinkasanduka chikwapu mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, popanda nyimbo, popanda kompyuta. Optimus Prime ali ndi maonekedwe awiri basi. Waya wathu ankafika asanu, ndipo achisanuwo ankasiya zizindikiro.

Mu 1990 mayi wina wa ku America amene anakhalapo kuno, Karen Lynn Williams, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna mawaya. Ana a kumeneko akhala akuliwerenga m'sukulu zawo. Ndiye kuti tinasinthana: iwo anatenga galimoto yathu m'buku laukhondo, ife tinalandira loboti yawo pa malaya ovalidwa kale.

* * *

Filimuyo tinakaonetsera ku vidiyo sho ya msuweni wanga pa tiredingi senta: mabenchi asanu ndi limodzi, makatani a masaka, sikirini imodzi, batire la sola, ndi chimkuzamawu padenga choitanira anthu. Pabolodi yapakhomo analemba ndi choko kuti LERO ZITSULO ZIKUMENYANA, OSAPHONYA. Anadandaula kuti filimuyi ilibe womasulira. Makasitomala ake anazolowera mafilimu omasuliridwa kale m'Chichewa, momwe munthu mmodzi amalankhulira ekita, mkazi wa ekita, galu ndi mfuti yomwe, ndipo Hong Kong amamutcha Limbe. Anandipatsa ine mpando pafupi ndi sikirini, kuti ndigwire ntchitoyo pamaso pa anthu.

Asanayatse anandikokera pambali.

"Asuweni, ekita safa eti?"

Funso limeneli si lamasewera. Lamulo la vidiyo sho chiyambire masiku a Rambo ndi Commando ndi lakuti ekita amenyedwe, amangidwe, amizidwe m'madzi, koma asafe. Akafa, anthu amafuna ndalama zawo. A Hasbro eniake analiphunzira lamuloli mowawa. Mu filimu yawo ya katuni ya 1986 anamupha Optimus Prime nkhani isanafike n'pakati pomwe, kuti m'masitolo mupezeke malo a zidole zatsopano. Ana analira m'nyumba zoonetsera mafilimu, makolo analemba makalata aukali, ndipo mu 1987 eni ake anamuukitsa. Zomwe akuluakulu a ku America anazindikira atawononga ndalama zambiri, msuweni wanga wa Sitandade 7 akanawauza ulere.

Ndinamuyankha kuti asadere nkhawa. Mwina ndinayankha mofulumira kwambiri.

* * *

Atsibweni anafika atavala jekete, anakhala kutsogolo, ndodo pakati pa miyendo. Ndinayamba kumasulira. Dziko lake ndi Cybertron, mzinda wake Iacon, ndipo anyamata awiri okondana, Orion Pax ndi D-16, amagwira ntchito yokumba mwala wopatsa mphamvu wotchedwa energon. Awiriwa ndi omwe adzakhale Optimus Prime ndi Megatron, koma apa akadali amphawi ogona m'chipinda chimodzi ndi anzawo ambirimbiri.

"Bwereza dzina la wachiwiriyo," anatero atsibweni.

"D-16."

"Imeneyo ndi nambala. Ifenso anatipatsa. Kapitawo sankadziwa kuti ndine mwana wa yani, koma nambala yanga ankaitchula ngakhale ali kutulo."

Kuyambira pamenepo ntchito inandithera. Maloboti atatsikira kumgodi, atsibweni anaimirira theka, ndodo italoza sikirini. Anati denga limenelo silinachirikizidwe bwino ndipo ligwa. Linagwadi. Chipinda chonse chinawatembenukira mwaulemu, ndipo mnyamata wina anafunsa ngati anaionerapo kale. Iwo anati anaionera mu 1972, popanda kulipira pakhomo, ndipo fumbi lake likadali m'chifuwa. Anafotokoza za chikepe chotsika ndi anthu mpaka makutu kutsekeka, za kutentha kwa pansi, za amalayisha opakira miyala ndi fosholo atagwada, ndi za Fanakalo, chinenero chomwe chili ndi mawu ambiri olamulira koma ochepa opepesera. Filimu inkapita, anthu akumvera iwo.

Achinyamata ambiri m'chipindamo sankadziwa kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atalembedwa ndi Wenela. Pa 4 April 1974 ndege yobweza ena mwa iwo kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo chikhamu cha amuna chinabwerera kwawo. Atsibweni anali m'gulu limenelo. Anafika ndi njinga, bulangete lolemera ngati tchimo, ndi jekete lomwe anavala tsiku la filimuli.

Pomwe nkhani inawakhudza zedi ndi pa kachitsulo. M'filimumo maloboti apamwamba ali ndi kachitsulo kozungulira pachifuwa komwe kamawathandiza kusandulika, pomwe okumba mgodi alibe, ndipo anauzidwa kuti anabadwa choncho. Kenako zimaululika kuti anabadwa nako, koma wina anawachotsa asanatsegule maso, kuti akhale antchito mpaka kalekale. Nditamasulira zimenezi atsibweni anakhala chete kanthawi. Kenako anafunsa ngati wolemba filimuyi ndi wa ku Dowa.

* * *

Mtsogoleri wa dzikolo ndi Sentinel Prime, wonyezimira, wamapiko, wolankhula bwino. Amauza anthu ake kuti akupita kunja kukafunafuna chinthu chomwe chidzathetse mavuto onse, amabwerako chimanjamanja koma wonenepa, n'kupempha kuti okumba awonjezere maola. Sindinamalize n'komwe kumasulira. Mabenchi onse anakuwa pamodzi: "Aphungu!"

Mkangano unabuka woti ndi phungu wa chaka chiti, ndipo unatha mwamtendere atagwirizana kuti onse. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anaimika dzanja ngati ali m'kalasi n'kunena kuti dziko lino lili ndi maloboti osandulika ambiri kuposa Cybertron: munthu amagona ali wa chipani ichi, n'kudzuka atavala nsalu ya chipani icho, mpaka olemba malamulo a dziko anachita kuikamo Gawo 65 kuti aletse kusandulikaku. Anati kusiyana kwake n'kwakuti a m'filimu akamasandulika pamamveka phokoso, pomwe athuwa umangozindikira galimoto yatsopano.

Zitadziwika kuti energon yemwe anyamata akufera pansi, Sentinel amakapereka mwakachetechete kwa adani ochokera kunja, alimi a fodya omwe anakhala kumbuyo sanadabwe n'komwe. Mmodzi anangofunsa kuti, "Nanga mtengo amanena ndani, wokumba kapena wogula?" Nditamuyankha anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira kalata yochokera ku okushoni.

Amayi awiri atatu omwe analowa anasankha wawo, Elita-1, kapitawo wamkazi amene mawu ake ndi a Scarlett Johansson. Anachotsedwa paudindo chifukwa cha zopusa za amuna awiri, kenako n'kumawapulumutsa amuna omwewo. Mayi aang'ono anati mbali imeneyo sinafunike kumasulira. Za B-127, kaloboti kachikasu kolongolola kosapuma, onse anavomerezana kuti ndi woitanira minibasi pa Mponela.

* * *

Pakati pa nkhondo, zitsulo zikuuluka, kamdzukulu ka mphunzitsi uja, kobadwira ku Area 25 ndipo kanangobwera kutchuthi, kanafunsa mokweza ndi mawu ake oyera:

"Kodi m'kati mwa chimenechi muli munthu?"

Chipinda chinazizira. Amuna anayang'ana pansi, ena kudenga. Wina anatsokomola. Msuweni wanga anachepetsa voliyumu osadziwa chifukwa chake.

Kwathu kuno funso limenelo silifunsidwa. Chinthu chachikulu chikatulukira chikuvina, kaya chili ndi nyanga, kaya chaoneka ngati njovu, kaya ngati galimoto, pakuti zilombo zooneka ngati galimoto ziliko ndipo zinayamba kale Hasbro asanalote, munthu wolongosoka amapatuka, amaponya kangachepe, n'kusunga mafunso ake m'mimba. A UNESCO analemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma ngakhale iwowo sindikhulupirira kuti anafunsa zimenezo pabwalo.

Atsibweni ndiwo anapulumutsa zinthu. Osatembenuka n'komwe anati, "Ndi chilombo, mwanawe. Chachokera kudambwe la azungu." Agogo ake a mwanayo anapumira m'mwamba, poona kuti nkhuku yawo yapulumuka.

* * *

Kumapeto zinthu zimaipa. D-16, atadziwa kuti moyo wake wonse ananamizidwa, akufuna kupha Sentinel. Orion akuti ayi, tisayambe dziko latsopano ndi magazi, n'kuima pakati. Chipolopolo chimapeza iyeyo. Mnzake uja amamugwira dzanja pamphepete pa chidzenje, amamuyang'ana, kenako n'kumutaya. Orion akugwa mumdima, D-16 amamugwira Sentinel n'kumung'amba pakati ngati nzimbe, n'kudzitcha Megatron.

Pomwepo sikirini inati phethi, n'kuzima. Batire latha.

Kunja kunali kutada, ndipo dzuwa lotchajira linali kuyembekezeka mawa. Anthu anaimirira mwakachetechete ngati pamaliro, kenako wina anakumbuka lamulo.

"Ekita wafa! Ndalama zathu!"

Msuweni wanga anandiyang'ana ndi maso omwe sindidzawaiwala. Ndinakwera pabenchi n'kulumbira kuti ekita sanafe, akungogwa, ndipo chidzenjecho n'chachitali moti akhala akugwa usiku wonse. Abwere mawa 10 koloko adzaone pomwe akafikire. Anabweradi, ndi ena owonjezera omwe anamva kuti kuli munthu wachitsulo amene wakhala akugwa chiyambire dzulo. Batire litamwa dzuwa, Orion anafika pakati pa dziko lawo, anapatsidwa mphamvu ya utsogoleri, n'kutulukamo ali Optimus Prime, wamkulu kuposa kale. Anagonjetsa Megatron, anamupirikitsa mumzinda, ndipo okumba mgodi onse anabwezeredwa tizitsulo tawo. Mayi wina wa chigwirizano anaombera m'manja mosamala, n'kunena kuti nkhaniyi anaimvapo kwinakwake, kungoti kumeneko zinatenga masiku atatu.

Atsibweni sanabwere. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba, n'kuwauza kuti aphonya mathero.

"Mathero ndinawaona dzulo. Bwana wabodza anang'ambidwa pakati, magetsi n'kuzima. Filimu yabwino kwambiri."

Ndinawauza kuti Megatron ndiye woipa wa nkhani yonse, ndipo zaka 40 zapitazi ana a dziko lonse lapansi akhala akumuda.

"Anawo analowako kumgodi?"

* * *

Lolemba m'mawa ndikulongedza, mwana wa mlongo wanga, wa zaka 11, anandikoka malaya. Anzake amamutcha Kamkwamba, potengera William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ya bambo ake, nkhani yomwe inadzakhala filimu mu 2019. Wathuyu pakadali pano waphwasula mawailesi awiri ndipo sanabwezeretse ngakhale imodzi.

"Ankolo, taonani."

Chinali chimunthu cha mawaya, chotalika ngati botolo, mutu wake chitsekerero. Anachigoneka chagada, anapinda miyendo kumbuyo, anakokera manja kutsogolo n'kuwalumikiza, ndipo pamaso panga panaima ngolo, matayala awiri, mtengo wokokera ndi goli lomwe. Anatulutsa m'thumba ng'ombe ziwiri zadothi n'kuzimangirira. Phokoso losandulikira ankapanga ndi pakamwa, malovu n'kumagwa monga mwa mwambo.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanapange lole ngati Optimus. Anati lole nthawi ya mvula sifika kuno.

Ndikuganiza zomupatsa kenakake, kuseri kwa nyumba kunamveka mfuu. Mayi aang'ono anatulukira atanyamula zovala zonyowa zodzaza dothi, zomwe anaziyanika m'mawa pa chingwe chomwe tsopano kunalibe. Mwana uja anasowa pomwepo, ngolo, ng'ombe ndi zonse. Ndinatsala ine, munthu wa zaka zoposa 40, ndipo ndinazindikira kuti manja anga aphimba kale kumbuyo.

"Filimu yakoyo," anatero, akundiloza ndi malaya a atsibweni akudontha matope. "Uchapa ndiwe. Ndipo sopo mulibe m'nyumba muno, paja unabweretsa katuni."

Kabaza anandidikira mpaka 11 koloko.